Dzina Lomwe Linatuluka pa Foni Yanga

Mahedifoni aja ndinawagula chifukwa cha kwaya. Ndinali nditangolowa kumene kwaya ya amayi pa tchalitchi cha pa esiteti, ndipo mawu anga ankasochera pakati pa nyimbo. Amayi otitsogolera anandiikira nyimbo zonse mu foni n'kunena kuti ndizimvera pothyola tiyi. Koma zomvera za chingwe sizigwirizana ndi ntchito yathu. Chingwe chimakola m'nthambi, chimakola lamba wa dengu, ukamati uponye masamba kumsana, chathothoka kale m'khutu. Ndiye Loweruka lina ndinatsikira ku Masambanjati kukagula zopanda chingwe, zongodutsa kuseri kwa khosi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala m'malaini, nyumba za antchito, limodzi ndi azakhali anga ndi mwana wanga wamkazi. Ndinali nditathawa ku Thekerani, komwe bambo a mwanayu ananditengera chitengwa. Sindinatsanzike. Ndinadikira tsiku lomwe iwo anapita ku msika, ndinabereka mwana n'kukwera galimoto ya nthochi. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero chifukwa cha khofi lawo, ndipo limenelo ndi laling'ono mwa zomwe ndinaona m'nyumba ija.

Mayi wogulitsa mahedifoni anali wodekha. Anandionetsa kukanikiza kabatani mpaka kanyali katayamba kuphethira, kenako kutsegula bulutufu mu foni n'kuiuza kuti ifufuze. Panatuluka mayina angapo, ena zilembo ndi manambala basi.

"Anu ndi awa, dinani apa," anatero mayiyo. "Enawa ndi mafoni ndi mawailesi a anthu omwe ali pafupi nafe."

"Pafupi bwanji?"

"Kuchoka pano kukafika pa mulu wa chinangwa uwo. Kupitirira pamenepo sizionana."

Anali mahedifoni otchipa, ndipo anali ndi nthenda yoiwala. Moto ukangotha, ankaiwala foni yanga ngati sanakumanepo. Choncho m'mawa uliwonse, tikudikira akapitawo kuti atigawire mizere, ndinkabwereza zomwe ndinaphunzitsidwa: kabatani, kanyali, kufufuza, kudina.

Mvula itayamba, tiyi anaphuka kwambiri ndipo kampani inalemba anthu ambiri aganyu. Pamalo pogawira ntchito pankadzaza nkhope zachilendo. M'mawa wina kunagwa nkhungu yoti munthu woima patsogolo pako umangomuona ngati chitsa. Aliyense anali atadzikulunga pepala la pulasitiki, mutu uli m'chipewa kapena m'duku. Ndinatulutsa foni, ndinafufuza. Pansi pa dzina la mahedifoni anga panatuluka lina, la zilembo zikuluzikulu: MWINI WAKE.

Dzina limenelo ndinalipo tsiku lomwe linalembedwa. Bambo a mwana anali atakhala pakhonde ndi foni yawo yatsopano, akuseka, akuti m'nyumba muno chilichonse chili ndi mwini wake, njinga, wailesi, mbuzi, ngakhale iwe. Bulutufu yawo sankaitseka chifukwa anzawo ankakonda kutengako nyimbo.

Ndinakweza maso. Mapepala a pulasitiki okhaokha, akudontha madzi. Wina anatsokomola kumbuyo kwanga, ine ndinagwetsa dengu. Ndinafufuzanso, dzina lija lilipobe. Nditalowa mu mzere wanga n'kuyenda pang'ono, linazimiririka. Tsiku limenelo ndinathyola ngati mwana wophunzira ntchito, masamba okhwima ndi anthete pamodzi, mpaka akapitawo anandifunsa ngati ndikudwala.

Azakhali nditawauza, anayamba ayang'ana kaye pakhomo asanayankhe.

"Dzina lotere aliyense akhoza kulemba, mwanawe. Amuna odzimva ndi ambiri."

Anatero pakamwa, koma m'mawa mwake anaperekeza okha mwana ku sukulu, ndipo pobwera anadzera pa geti kukawafotokozera alonda maonekedwe a bambo aja, msinkhu wawo ndi dzino lawo lobenthuka.

Dzina lija silinasiye kubwera. Linatuluka pa sikelo masana, tili pa mzere ndi madengu athu. Linatuluka pa mpopi wa m'malaini. Tsiku lina limasowa, ine n'kuyamba kupumako, mawa lake ilo. Nyimbo ndinasiya kumvera, chifukwa khutu labwino ndinali nalo limodzi ndipo sindinafune kulitseka. Mahedifoni ankangolendewera m'khosi, koma foni inali m'manja nthawi zonse, ndikungofufuza. Ndinkayang'anitsitsa mwamuna aliyense: woyendetsa thirakitala, opopera mankhwala obisa nkhope, aganyu atsopano. Wina ndinamutsatira ndi maso mpaka anavula chipewa, ndinapeza kuti ndi nkhalamba ya imvi.

M'masiku amenewo panali munthu mmodzi yemwe ankandipepukitsa mtima. Anali mayi wachitsikana mwa aganyu aja, wofatsa, wolankhula motsitsa, yemwe ankagona kwa anthu ena kumapeto kwa laini yathu. Ntchito sankaidziwa, ndiye ndinamuphunzitsa kuthyola masamba awiri ndi kansonga popanda kupweteka mtengo. Iye ankandibweretsera kalongonda wophika bwino, ndipo tikakhala tinkasakaniza Chilomwe ndi Chinyanja ngati pachibale. Dzanja lake lamanja linali lopindika pang'ono pamkono. Anati anagwa pa njinga. Ndinamuuzapo kuti pali munthu yemwe ndikumuopa, koma za foni sindinatchule. Anangoti, "Pepani achemwali," n'kuyang'ana pansi.

Lamulungu lina masana, azakhali atapita ku maliro kuseri kwa fakitale, anabwera kudzacheza. Anthu ambiri a m'laini anali ku maliro komweko. Tinakhala pakhonde tikusadzula nkhwani, mwana wanga akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pafupi ndi mapazi athu. Dzuwa linali litatuluka, ndipo bwalo lonse linkaoneka mbee, kuyambira pa chingwe choyanika zovala mpaka pa mabulugama. Kunalibe munthu.

"Achemwali, zanu za m'khosizo zimamveka bwanji? Ndiyeseko," anatero.

Ndinapukuta manja, ndinakanikiza kabatani, ndinafufuza. Panatuluka mayina awiri okha, la mahedifoni ndi lija.

Ndinaimirira n'kuzungulira nyumba. Kuseri kunali nkhuku basi. Ndinasuzumira m'bafa, ndinasuzumira m'khitchini. Pobwerera pakhonde ndinaona mfundo ya chitenje chake m'chiuno, yotupa ngati mwamangidwa kanthu kamakona. Ndinali ndisanamuonepo akuimba foni pamaso panga.

Ndinauza mwana kuti alowe m'nyumba atseke chitseko. Kenako ndinakhala pansi n'kumuyang'ana mayi uja.

"Masula pamenepo."

Sanafunse kuti chifukwa chiyani. Anamasula pang'onopang'ono. Inali foni yomwe ija, yakuda, yong'aluka galasi pakona pomwe inamenya khoma tsiku lomwe bambo a mwana anaiponyera ine.

"Anakutuma?"

Anagwedeza mutu. Misozi inali ikutsika koma nkhope yake sinasinthe. Anandiuza kuti bambo aja anamukwatira ine nditachoka. Anamva kwa woyendetsa galimoto ya nthochi kuti ndinatsikira cha ku maesiteti, koma sankadziwa esiteti iti, laini iti. Iwo akanabwera okha ndikanawazindikira, ndiye anatuma iye, n'kumupatsa foni yakaleyo kuti azijambula.

"Ndione."

Munali chitseko chathu. Munali njira ya ku mpopi. Munali ine nditawerama mu tiyi, osadziwa kanthu. Munali mwana wanga atavala yunifolomu, akuseka, ataima pa geti la sukulu, ndipo chikwangwani cha sukuluyo chinkawerengeka bwinobwino.

"Watumiza?"

"Ayi, achemwali. Akaimba ndimawauza kuti sindinakupezeni."

"Nanga unajambuliranji?"

"Anati ndikabwera chimanjamanja andithyola dzanja linali." Anakweza dzanja lamanzere, labwino lija.

Ndinafufuza m'mauthenga, koma anali atafufutidwa onse, moti sindikanadziwa ngati akunena zoona. Ndinamufunsa chomwe bambo aja akufuna. Anati mwana. Nditafunsa za ine, anati, "Akuti za inu adzaona okha."

Tili chikhalire foniyo inalira pakati pathu, pamwamba pa lichero la nkhwani. Tonse tinaiyang'ana. Inalira mpaka inasiya, n'kuyambanso. Palibe anaikhudza.

Azakhali atabwera ku maliro anamva nkhani yonse ali chiimire, nsalu yakuda ikadali paphewa. Ndinkaganiza kuti amukalipira mayi uja, koma anangomugwira mkono wopindikawo, n'kuuyang'ana, n'kumufunsa m'Chilomwe ngati ali ndi abale kwina. Anati ali ndi amalume ake kutsidya kwa malire. M'mawa mwake tinapita tonse atatu ku polisi, ku ofesi yomva nkhani za nkhanza za m'banja, ndipo foni ija inatsala komweko. Anatilembera zonse n'kutiuza kuti tikaona chachilendo tikanene msanga. Mayi uja sanabwerere nafe m'malaini. Tinamusiya pa siteji, atafumbata kathumba ka zovala. Basi itafika anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma kondakitala anamukankhira mkati. Sindinamvenso za iye.

Mwana tinamupititsa kwa msuweni wa azakhali ku Goliati, n'kumusintha sukulu. Analira kwambiri, ndipo sindinathe kumufotokozera chifukwa chake. Akapitawo atamva, anandisamutsira ku munda wakutali ndi msewu, koma masiku ena ntchito ikachuluka tonse tinkabwerera kumtunda, kufupi ndi msewu.

Patapita masabata angapo, alonda anauza azakhali kuti pa geti panabwera munthu wa njinga yamoto, akufunsa za mayi wopindika dzanja. Atamuuza kuti kulibe, anafunsanso za wina wa mwana wamkazi. Chisoti sanavule, ndiye dzino lija sanalione. Anamubweza.

Tsiku lina masana, tikuthyola m'munda wa m'mphepete mwa msewu, njinga yamoto inabwera pang'onopang'ono n'kuima pamwamba pa chitunda. Wokwerayo anazimitsa injini. Sanatsike, sanavule chisoti, anangotembenuza mutu kuyang'ana mizere yathu umodziumodzi. Ndinavula dengu n'kunyonyomala pansi pa mitengo ya tiyi. Pansipo panali ponyowa, pakununkha masamba owola, ndipo linthumbu linandipeza m'miyendo. Ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe. Mayi wa mzere woyandikana nane anasendera pafupi osayang'ana pansi, n'kumathyola mbali yanga ngati ndi yake.

"Khalani momwemo," ananong'oneza. "Sanachoke."

Ndinakhala mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako injini inalira n'kumka nizimirira cha kumunsi. Anzanga ena anati anali wakabaza wodikira kasitomala, ena anati ayi, wakabaza sayang'ana anthu motero. Ine nkhope sindinaione.

Mwana wanga akadali ku Goliati. Ndimapita kukamuona mwezi ukatha, ndipo sindiuza munthu tsiku lonyamuka.