Chithunzi Chimene Ndinayanika Pamtanda

Ku Mlare tinkakhala m'shedi yakale yosungiramo thonje, mabanja atatu: ine wojambula ndi mkazi wanga, mkulu wina wosema ng'oma za malipenga, ndi mayi wamasiye woumba mbiya. Komiti ya pamsika inatilola kukhalamo malinga tizikonza denga tokha ndipo tisamabweze munthu pakhomo. Zipinda tinagawa ndi bango. Kumbuyo tinkagona, kutsogolo tinkagwira ntchito, moti penti ankanunkha mpaka m'ndiwo. Mkazi wanga ankati anakwatiwa ndi chitini cha penti.

Ulemu tinalibe kwenikweni, koma anthu ankatifuna. Wagolosale akasowa chikwangwani, namwino akafuna zithunzi zophunzitsira amayi kusikelo, ng'oma ikang'ambika kubwalo, onse ankadziwa khomo limodzi. Mvula ikagwa tsiku la msika, theka la msika linkausa kwathu. Ndinkapsa nawo mtima, poti sungajambule mphuno yowongoka wina akukupumira m'khosi. Komabe kukanakhala kwina, lendi ikanatithamangitsa mwezi woyamba.

Mayi woumba uja anali atataya mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Chithunzi chake analibe, poti wojambula ndi kamera ankapezeka kuboma kokha. Tsiku lina anaima pafupi nane nthawi yaitali ndikusakaniza utoto.

"Adada, nkhope yake yayamba kundithawa," anatero. "Imwe mukuikumbuka?"

Ndinakunga nsalu ya thumba la ufa pamatabwa n'kuyamba. Zinanditengera masabata atatu, mayiyo akundiwongolera pojambula makutu, chipumi ndi kampata ka m'mano. Nditamaliza anangokhala pansi n'kumachiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndakhoza.

Penti wamafuta sauma msanga. Pansi panali mbuzi za anthu ndi zala za ana, choncho ndinakwera pampando n'kupachika chithunzicho pamtanda wa khoma lakutsogolo. M'munsi mwake munali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Aliyense ankadziwa kuti pakhoma sipakhala chinthu pamwamba pa chimenecho, kaya wotchi kaya kalendala. Inenso ndinkadziwa. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali mbuzi.

Mawa lake linali tsiku la msika. Achinyamata a chipani atatu analowa kudzaona makadi a chipani, ali ndi atcheya a nthambi, bambo amene ndinawalembera chikwangwani cha chigayo chawo. Makadi tinali nawo tonse. Akutuluka, mmodzi anakweza maso n'kuima.

"Ameneyu ndani woposa mwini dziko?"

Ndinati ndi penti wosauma, bwana, ndimaopa mbuzi.

"Ndiye mbuzi mumaziopa, boma ayi?"

Anthu anali atadzaza pakhomo. Ena amene ankamwa madzi kwathu tsiku ndi tsiku anazemba mwakachetechete, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire, ngakhale ndikanakhala ine ndikanazembanso. Woyamba kulankhula anali namwino, mayi wa kummwera.

"Atcheya, mukatseka pano, zithunzi za kusikelo andijambulira ndani?"

Wagolosale anatsokomola n'kuti chikwangwani chake chili pakati. Mkulu wa malipenga anawonjeza m'Chitumbuka kuti ng'oma zolandirira alendo a kuboma zili momwemo, zikopa zisanakungidwe. Atcheya anapukuta thukuta. Ndinaona kuti nkhaniyo sankaifuna, koma anyamata aja ankawayang'ana, ndipo atcheyawo nawonso anali ndi khosi limodzi.

"Ikafika kuboma nkhaniyi, shedi atseka, wojambulayo apita naye," anatero atcheya. "Ithere pompano. Chinthucho chisaonekenso."

"Chiotchedwe tikuona," anatero mnyamata uja.

Ndimafuna nditalemba kuti ndinaimirira n'kunena kuti anditenge ine. Sindinatero. Ndinaganiza za mkazi wanga amene anali ndi pakati, ndinaganiza za anthu amene anatengedwa osabwerako, ndipo ndinayang'ana pansi. Ndinachita mantha, basi.

Mayi woumba uja anali kuseri akuotcha mbiya, ndipo wina anakamuuza. Analowa manja ali phulusa lokhalokha, anthu n'kumupatukira.

"Nipasani," anauza mkulu wa ng'oma.

Mkuluyo anatsitsa chithunzicho ndi ndodo. Mayiyo anachigwira ndi manja awiri, penti akumata pachitenje chake, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali moti ngakhale anyamata aja sanamufulumize. Kenako anatuluka, ife tonse pambuyo, mpaka padzenje pamene mbiya zinkapsa.

"Mwana wane ali napo kale pogona," anatero. "Osowa pogona ndife amoyo."

Anachiika yekha pamoto, nkhope ikuyang'ana kumwamba. Penti wamafuta sachedwa kuyaka. Atcheya anatembenuka moto usanathe, anyamata n'kuwatsatira, ndipo anthu anabwerera kumsika mmodzimmodzi.

Shedi sinatsekedwe. Tinakhalamo zaka zambiri, ana athu anabadwira momwemo, ndipo ena mwa ana a pamsikapo anaphunzira kuumba ndi kulemba zikwangwani pakhonde lomwelo. Nkhani ya tsiku lija palibe ankaitchula.

Koma ine manyazi ankandidya. Patatha mwezi chiotchereni chithunzi chija ndinakunga nsalu ina mobisa, ndikujambulira pansi, chogwada. Ndinafufuta n'kuyambiranso kangapo, poti ndikatseka maso ndinkaona motowo osati mwanayo. Nditaona ngati zatheka, ndinamuitana mayiyo kuchipinda chathu.

Anagwada, nayang'ana makutu, chipumi, mano. Anapukuta manja pachitenje n'kukhudza m'mphepete mwa thabwa.

"Yewo, adada, mwavutika," anatero. "Ndi mwana wokongola. Koma si wanga."