Mkamwini Amene Anabwera ndi Fuluwenza

Bwanausi anachoka kunkhondo ya Ajeremani mu 1918 mapewa atanyuka. Mfuti sanaigwirepo. Anali wamtengatenga, wosenza mabokosi a azungu zaka ziwiri zathunthu. Chimene chinkamuyendetsa panjira yonseyo n'chimodzi: mwana wake Nafisa, yemwe anamusiya akukwawa kwawo kwa mkazi wake Mastura, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kumene iye ankakhala chikamwini.

Kutatsala ulendo wa tsiku limodzi, asilikali a ku posto, kamsasa ka boma kapanjira, anamutsekera njira iye ndi anzake. Ati kwagwa fuluwenza, chimfine chakupha, ndipo chikuyenda ndi anthu ochokera kunkhondo. Anawaunjika mumpanda wa bango masiku khumi, otsokomola ndi abwinobwino mphasa imodzi. Nzeru zakezo! Bwanausi analowamo ali gwa, natulukamo mutu ukuwaza, m'manja muli kapepala konena kuti alibe matenda.

Kumudzi anamulandira ndi nthungululu. Aliyense anamugwira chanza, amuna nadya naye mbale imodzi. Sabata isanathe, theka la mudzi linali chigonere. Iye anachira. Mastura sanachire, apongozi ake aakazi sanachire, pamodzi ndi ena khumi ndi mmodzi. Lamulo linaletsa kusonkhana pamaliro, choncho manda a mkazi wake anakumba yekha.

Atatha masiku makumi anayi a maliro, Adamu, mchimwene wa Mastura, mwini mbumba, anamuitanira pansi pa mango.

"Alamu, mwatimaliza. Tengani mphasa yanu ndi khasu, muone msana wa njira."

"Nanga mwanayu?"

"Anapiye amatsata make, satsata tambala."

Bwanausi anatulutsa kapepala kaja. Onse awiri sankadziwa kuwerenga.

"Kapepala kanuko kakadzutse ali kumandawo," anatero Adamu.

Bwanausi anasamukira kunyanja ya Amaramba nakhala msodzi, munthu wa mawu ochepa ndi mtima wapachala. Sanakwatirenso. Chilimwe chilichonse ankatumiza dengu la milamba youma ku Chiuta. Nsombazo Adamu ndi abale ake ankadya ndithu, mpaka kunyambita zala, koma mwana sanauzidwepo amene wazitumiza.

Patapita zaka khumi ndi zisanu anamva kwa asodzi anzake kuti Nafisa akukwatiwa. Pa ukwati wa Chisilamu wopereka mkwatibwi ndi bambo wake, ndiye anati apa pokha sangandikane. Anachapa mkanjo wake, nayenda masiku awiri, nakhala pakati pa alendo. Ambiri omudziwa anali kumanda. Adamu anamuzindikira, nayang'ana kumbali.

Shehe anafunsa, "Bambo a mkwatibwi ali kuti?"

"Anamwalira kalekale mwanayu ali wakhanda," anayankha Adamu. "Ndimupereka ndine."

Bwanausi anayamba kudzuka. Pomwepo kumbali ya amayi kunamveka kusisima: anali Nafisa, akulira bambo wabwino amene sanamuone. Adzuke anene chiyani, kuti ndine uja ndinapha amako?

Shehe anati tiwapempherere malemuwo, Mulungu awapepuzire manda. Anthu onse anatukula manja. Bwanausi anakhalanso pansi, natukula ake, nayankha nawo amina.