Mmene a Eneless Anayambira Kunena Atithi

Amene anathyolako tiyi pa esiteti ya kumunsi kwa Khwethemule, zaka zija nkhondo ya azungu itangotha, akuwakumbukira a Eneless, mayi wamfupi, wamapazi olimba, wamawu otsika ngati akuopa kudzutsa mwana. Anabwera ali kabuthu kuchokera kudziko la Apwitikizi, atasenza mphasa, makolo awo akuthawa chikoti. Chinyanja anachitolera m'mizere ya tiyi, ndipo sichinabwere mosavuta. Akati atchule dengu pakamwa pankatuluka "tengu," anzawo n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Kuyambira pamenepo Chilomwe anachisiya cha m'nyumba, cholankhula chitseko chitatsekedwa.

Anabatizidwa limodzi ndi amuna awo a Jonas, amene ankasonkhezera moto ku fakitale. Mphunzitsi wa kalasi ya ubatizo, a Zakeyu, anali munthu wodekha. Anawaphunzitsa Pemphero la Ambuye mawu ndi mawu, kuwawongola lilime mosakalipa. Chilomwe sanachiletse ayi. Koma buku linali m'Chinyanja, nyimbo m'Chinyanja, ulaliki m'Chinyanja, ndiye a Eneless anangomaliza okha mumtima kuti kumwamba amamva Chinyanja basi.

Kupemphera sankaphonya. Chitsulo choitanira ku ntchito chisanalire ankagwada pambali pa mphasa, n'kunena mawu onse mosadumpha. Koma podzuka ankamva ngati munthu wochoka pa sikelo: wapereka dengu, kapitao wagwedeza mutu, kwatha. Mumtima munkatsala kanjala kamene sankadziwa kokatula. Ankakumbukira ali mwana kwawo kuja, atatsamira mwendo wa atate awo, akuwauza zopanda pake, za nyerere, za minga yomwe yawabaya. Kucheza koteroko ndi kumene ankakulakalaka, koma ndi Mulungu ankangopatsana moni.

Mzere woyandikana nawo ankathyola a Miriam, mayi wa ku Bvumbwe, amene ankayankhula yekha tsiku lonse.

"Mukucheza ndi yani, amwali?" anafunsa a Eneless tsiku lina.

"Ndi Ambuye. Ndikuwauza za msana wangawu."

"Msana? Zimenezo n'zouza Mulungu?"

"Nanga anaupanga ndani, kapitao? Inunso mumawauzeko zanu, musamangowawerengera ngati ali m'kalasi."

A Eneless anaseka, koma zinawalasa. Anayesa mawa lake. Mawu a Chinyanja ankabwera atavala zovala za kutchalitchi, ndipo za mumtima zenizeni zinkakana kulowamo.

Zinapita choncho zaka, mpaka a Jonas anagwidwa chifuwa. Anawanyamula pamachira kupita ku chipatala cha mishoni ku Makwasa. Anamwino anayesetsa, koma mwini wake anapempha kuti akagone kunyumba. Anabwerera ataonda, ndipo kutentha thupi kunawalanda chinthu chodabwitsa: Chinyanja chonse chinawathawa, kunatsala chilankhulo chimene anayamwa.

Masana ena nkhungu ya chiperoni itaphimba tiyi yense, a Zakeyu anabwera kudzawazonda. Anapemphera bwino, motalika, n'kutsazika. A Jonas anangoyang'ana kudenga.

"Amake Teleza," anatero m'Chilomwe, "zijazi sindinamvepo kanthu. Ndipempherereni inuyo, m'chathu."

"M'Chilomwe? Kwa Mulungu?"

"Amayi anga ankaitana Muluku asanaonepo tchalitchi. Ankaitana ndani?"

A Eneless anachita mantha. Munthu ali panjira, nanga akampempherera m'chilankhulo chosafika kumwamba, sapita wopanda pemphero? Anagwada n'kuyamba monga mwa masiku onse, "Atate wathu wa kumwamba." Dzanja lowonda lija linawagwira pamkono, kuwakana. Madontho ankagwa pakhonde. Kenaka pakamwa panatuluka mawu amene anali asanawatchule chiikireni atate awo m'manda.

"Atithi."

Ndiko kunena kuti atate, mmene mwana wa Chilomwe amaitanira akaona bambo wake akutulukira panjira. Mawuwo atatuluka, ena onse anatsatira okha. Sanaloweze, sanawongole lilime. Anauza Mulungu kuti munthuyu ndi amene anawapeza akulira kumtsinje anzawo atawaseka, n'kuwapatsa moni m'Chilomwe. Anamuuza kuti akuopa kutsala okha ndi mwana wawo Teleza, kuti denga likudontha, kuti atopa, kuti zaka zonsezi akhala akugogoda ngati mlendo. Anadandaula, anakalipako pang'ono, anapepesa. Potsegula maso anapeza a Jonas akumwetulira.

"Mwaona," anatero, "sanafunse womasulira."

A Jonas anatisiya nyengo yozizira isanathe. Ambiri ankayesa kuti a Eneless abwerera kwawo, koma anakhala, n'kumathyola tiyi mpaka zala zinapindika. M'mawa uliwonse ankagwadabe pambali pa mphasa, n'kunena Pemphero la Ambuye monga anawaphunzitsira a Zakeyu, pakuti ankalilemekeza. Akatha ankakhala pansi, n'kutambasula miyendo, n'kuti "Atithi," kucheza n'kuyambika. Sikuti masiku onse kunkakoma. Panali miyezi imene ankaitana osamva kanthu, ngati mwini nyumba wapita ulendo. Koma sanabwererenso ku moni wa pa sikelo uja. Ankati munthu ukadziwa khomo la kwanu, ngakhale upeze potseka umakhala pakhonde n'kudikira.

A Miriam sanasiye kuwaputa.

"Lero mwawauza chiyani, poti ife sitimva?"

"Za inu. Ndati akuchepetseni pakamwa."

"Ayankha bwanji?"

"Ati analephera kalekale."

Atakalamba, Teleza atakwatiwa, a Eneless ankakonda kukhala chakumadzulo kuyang'ana kum'mawa, kumene phiri la Mulanje limatchinga dziko lobadwira. Sanapiteko konse. Teleza anawafunsa tsiku lina ngati akufuna kukaona kwawo asanafe. Iwo anapukusa mutu. Anati kumene akukufuna si kuseri kwa phiri, koma kumene adzaitane kamodzi kokha, Atithi, n'kumva kuyankha ndi makutu awo, a Jonas ali pomwepo akuseka kuti womasulira sanafunike.