Gemu Imene Achimwene Anafufuta

Achimwene anga amakonza mafoni m'tauni ya Zomba. Chaka china anandisiyira laputopu yakale kuti ndizilemberapo za gulu lathu la alimi a mpunga ku sikimu ya Likangala. M'menemo munali gemu. Sinali yampira kapena yowomberana. Inali nkhani, iwe n'kumayendetsa mayi wina wopalasa bwato amene akufunafuna mng'ono wake wosowa. Ndinkasewera Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi, batire la sola likadzaza, ndipo ndinaimaliza patatha miyezi itatu.

Gawo lachiwiri litatuluka ndinawavutitsa achimwene mpaka anandiikira. Mayi uja anali atakula, mtsinje wake utaphwa. Tsopano amawoloka chigwa cha matope wapansi, atabereka bambo ake odwala. Ukamuthamangitsa amatitimira mpaka m'mawondo.

Ndinayamba ndasiya kudina mabatani. Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, ine ndi amalume tinanyamula mayi anga pamachira kuchokera ku chilumba cha Chisi, komwe anadwalira ali kumaliro. Mabwato anali atagona pamtunda. Pamwamba dothi linali long'ambikang'ambika, koma pansi linali phala. Wopanga gemuyo ankadziwa kuti mwendo ukatitimira suukoka, umayamba waupotoza.

Ndili pakati pa nkhaniyo, achimwene anabwera kudzaona mayi. Anandipeza pakhonde.

"Iwe, ukungotaya nthawi. Akatswiri aikana imeneyo."

"Akatswiri ake ati?"

"Olemba za magemu pa intaneti. Ntchito yawo ndi yomweyo."

Anatulutsa foni n'kuyamba kundimasulira Chingelezi chawocho. Wina analemba kuti kuyenda pang'onopang'onoko n'chilango kwa wosewera. Wina anati nkhaniyo ndi yosamveka, chifukwa munthu wanzeru zake sangabereke nkhalamba m'matope m'malo modikira thandizo. Wachitatu anangoulula mathero onse, ndipo achimwene anawerenga mpaka kumapeto ine ndikuwaletsa.

Mtima unandiwawa kwambiri. "Thandizo lochokera kuti? Ife tinadikira ndani?"

"Usaiyese nkhani yako. Ndi gemu chabe."

"Inu simunaliko, achimwene. Munali m'tauni, foni yanu yosagwira."

Anangoyang'ana kuchitseko kuti aone ngati mayi amva.

M'mawa mwake ndinapita kusikimu kukapirikitsa mbalame, poti mpunga unali utayamba kucha. Pobwera ndinapeza achimwene apita. Nditatsegula laputopu, gemu ija munalibe. M'malo mwake munali ina ya mpikisano wa magalimoto. Ndinawaimbira pomwepo.

"Malo anachepa," anatero. "Ndakuikira yabwino, imene aliyense akuiyamikira."

"Munandifunsa?"

"Laputopuyo ndi yandani?"

Ndinadula foni. Sindikudziwa ngati anafufuta chifukwa chokhulupirira alembi aja kapena chifukwa cha mawu anga a dzulo lake. Zonsezo zinkandipsetsa mtima chimodzimodzi. Mayi wa m'gemuyo ndinamusiya pakati pa chigwa, kutsidya kukuoneka.

Masana amenewo ndinakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene intaneti imagwira. Ndinafufuza zimene analemba wachiwiri uja, n'kumuyankha m'munsi mwake ndi Chingelezi changa cha fomu folo. Ndinamuuza za machira, za mapazi a amalume amene anachekedwa ndi dothi louma, ndiponso kuti mayi ali moyo mpaka lero chifukwa sitinadikire. Ndinalemba n'kufufuta kangapo, dzuwa likundiwotcha pakhosi. Mwini wakeyo sanayankhe. Munthu wina anaikapo kankhope koseka. Wina anafunsa ngati kwathuko kuli magetsi osewerera gemu.

Ine ndi achimwene sitinayankhulane mpaka nthawi yokolola. Atabwera kudzatenga thumba lawo la mpunga, anati akhoza kundiikiranso, kungoti ndidzayambira poyamba, chifukwa pamene ndinalekezera panafufutika. Ndinakana. Ndinawamangira thumbalo panjinga ya kabaza, laputopu n'kuikulunga m'chitenje, n'kuwapatsa m'manja.

Mayi anaona zonsezo ali pamkeka. Njinga itapita anandifunsa chimene ana awo awiri, akuluakulu, akuyambanirana. Ndinafotokoza movutika, poti gemu saidziwa. Nditafika pa mlembi uja, amene anati wanzeru akanadikira, anasiya kupeta mpunga.

"Ameneyo makolo ake alipo?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ngati alipo, asadwale chilimwe," anatero mayi, n'kupitiriza kupeta.