Mankhwala a Korona Amene Ndinapeka

Ndinayambitsa ndine, ndipo musadikire kuti ndipepese.

Chaka cha korona, shikola itatsekedwa maphunziro n'kuima, malire anatsekedwanso bambo ali ku Joni kuntchito. Amayi anasintha. Wailesi sinkachoka pakhutu, chakudya ankangochiyang'ana, mbuzi ikatsokomola iwo dzidzimu! Kunena zoona, ine chinkandiwawa ndi wailesiyo. Nyimbo zinkandidutsa.

Tsiku lina ndinaumitsa nkhope ngati munthu wophunzira.

"Amayi, apulofesolo athu a biyolojiya anatiuza chinsinsi. Korona imaopa mapapo odekha. Siyani wailesi, mukhale pansi, muzikoka mpweya pang'onopang'ono n'kumamvetsera zomwe zikumveka. Maganizo a bambo akabwera musawathamangitse, angokhala pambali panu."

"Iwe, mabodza ako ndimawadziwa."

"Amayi, ndi sayansi imeneyi!"

Anakhaladi! Pafupi ndi thandala loyanikapo matemba, maso tsinzi, ine kuseri kwa nyumba ndi wailesi, kuvina mpaka fumbi kobo.

Kenako nkhani inakula. Azakhali anabwera, anansi nawonso, kukhala motalikirana, mashikala a chitenje otchinga mphuno ndi pakamwa kumaso, onse phee ngati akakowa m'madzi. Ndikanavina bwanji zinthu zokoma chonchi zikuchitika? Ndinkayenda pakati pawo manja kumbuyo.

"Azakhali, mukupuma ngati mukupopa njinga! Mukumva chiyani?"

"Nkhafi panyanja."

"China?"

"Mimba yako, mwana wosusuka iwe."

Amayi anaseka mpaka misozi. Kusekako kunasanduka kulira kwenikweni, n'kunena poyera kuti akuopa bambo adzafera kutali. Palibe anawatontholetsa, anangowasiya alire. Masana amenewo amayi anadya mlamba wonse, ndi mutu womwe umene ndinkaulondera ine.

Chinandigwetsa ndi njala ya apulofesolo. Anatulukira panjinga kudzagula nsomba, amayi n'kuwagwadira kuthokoza mankhwala.

"Mankhwala ati, mayi?"

Pamene ankafotokoza, ine ndinali kale mumtengo wa mango.

"Ine sindinanenepo zimenezo," anatero apulofesolo, akulimbana ndi chiseko. "Kupuma sikupha korona. Sopo ndi mashikala musasiye. Koma ngati mtima ukukhazikika, pitirizani."

Amayi anayang'ana m'mwamba. "Tsika, dotolo."

"Ndikumvetsera mbalame kaye, amayi."

"Tsika ndisanabwere ndi nsungwi!"

Nsungwi sinandikhudze. Amayi anati kukhalako sasiya chifukwa tulo tabwerera, koma poti matenda enieni ali pakamwa panga, ndizikhala pakati pa azimayiwo m'mawa uliwonse, mashikala kumaso, osatulutsa liwu mpaka shikola idzatsegulidwe.

Azakhali anaomba m'manja. Ine ndinavomera mwaulemu wonse. Mashikala ndi chinthu chabwino kwambiri: m'kati mwake ndinkabwira mtedza wokazinga, n'kumaufewetsa ndi malovu kuti usalire, azimayi n'kumanong'onezana kuti mwana uja wasintha.