Chingwe cha Mayi Mapegi

Mayi Mapegi sanamenyepo mpira chibadwire, ngakhale wachikulunga womwe. Koma mukafuna kudziwa za timu ya volebo ya atsikana a kufakitale ya misomali, musavutike ndi a wailesi. Funsani mayi amene achapa malaya a timuyo kwa zaka pafupifupi makumi awiri.

Dzina la Mapegi linachokera pa epuloni yawo. Thumba lake limakhala tho ndi mapegi oyanikira zovala, ena m'kolala, ena pampango wakumutu. Tsiku lina analowa m'tchalitchi pegi ili lendelende kumsana, akwaya mpaka kusokoneza nyimbo.

Sukulu anaisiya atangodziwa manambala, ndipo manambalawo ndi amene awadyetsa. Anayamba kuchapa m'nyumba za mabwana ali mtsikana, kenako pa kahotela kena kamene kanatsekedwa, mpaka fakitale itayambitsa timu n'kufuna munthu wa manja olimba. Osewerawo sawadziwa ndi mayina ayi. Amawadziwa ndi nambala ndi thukuta. Nambala 3 amadetsa pamimba chifukwa amadziponya pansi kuwola mpira. Nambala 11 malaya ake amabwera akununkhira pafyumu, ameneyo amangopita kukaonetsa tsitsi. Nambala 9, amene anthu amamutcha Nyundo chifukwa cha mmene amakhomera mpira, amang'amba m'khwapa mwakumanja mwezi ndi mwezi, ndipo mayi amasoka akung'ung'udza, koma ndi ulusi wabwino. Chaka china anauza a kochi kuti nambala 4 ndi woyembekezera mwiniwake asanauze ngakhale mayi ake omubala. Malaya anali atayamba kutamuka pamimba.

Ntchito inkayenda chonchi. Lachinayi timu inkayeserera komaliza, ndipo a kochi ankaveka malaya enieni atsikana okhawo amene adzayambe masewero Loweruka. Enawo ankavala zakale. Madzulo chikwama chonse cha malaya chinkafika kwa Mayi Mapegi. Lachisanu m'mawa ankanunkhiza malaya amodziamodzi. Onunkha thukuta, m'beseni. Oyera, m'chikwama momwemo.

"Sopo si mchenga," ankatero.

Poyanika sankasakanizanso. Malaya a munthu, kabudula wake, zotchinga mawondo zake, ndipo ngati wavulala, bandeji yake pambali pomwepo, kuti wina asavale za mnzake.

Tsono amuna awo anali mlonda wa pageti pafakitale yomweyo, anapuma ntchito. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuyang'ana zolowa ndi zotuluka sasiya kuyang'ana. Chimene chinawavuta n'choti panalibenso wowafunsa kanthu. Kale aliyense ankati, "Alonda, bwana alowa?" Tsopano anali ndi mpando wapulasitiki pakhonde, ndi ulendo wa kubabashopu kawiri pa sabata, pamene tsitsi lawo mutha kuliwerenga.

Kale volebo inkaoneredwa ndi abale a osewera ndi agalu odutsa. Koma chaka china ligi ya dziko lonse inalowa m'mafoni, pa zobetcha zija. Basi aliyense anasanduka katswiri. Wogulitsa makala, wokonza nsapato, anthu osadziwa ngakhale kuti mpira umagundidwa kangati usanawoloke ukonde, onse kukangana za maseti mpaka thovu kukamwa. Amisomali, timu ya kufakitale ija, anayamba bwino, anapambana masewero asanu ndi limodzi osagonja, ndipo dera lonse linkabetcha kwawo.

Kenako Nyundo anapweteka phewa. A kochi anabisa nkhaniyo ngati ndalama ya m'sokosi, kuti adani asadziwe. Koma Lachisanu masana amuna a Mayi Mapegi anakhala pampando wometera, n'kutsinzina, n'kuti, "Anyamata, ndalota nyundo itagwera m'chitsime. Mawa musabetche kwathu."

Ena anaseka. Loweruka Nyundo anakhala pabenchi, Amisomali anakwapulidwa maseti atatu osabweza ngakhale imodzi. Kuyambira tsikulo bambo aja anasanduka a Mneneri. Kumeta kwaulere, chakumwa chozizira, mpando wa pafupi ndi fani. Iwo sankabetcha ayi, chikwama cha ndalama za m'nyumba chinali kwa mayi. Ankangofuna kuti akatsokomola anthu azikhala chete.

Ndipo maloto sankaphonya. Analota nambala 3 akutsimphina, zinachitika. Analota wapafyumu uja akuyamba masewero, zinachitika, timu n'kugonjanso. Akuluakulu a ligi anaona kuti Lachisanu lililonse masana obetcha a dera limodzi amakhamukira mbali imodzi ngati nkhuku zaona chimanga. Analembera kalata a tcheya a timu kuti muli wina m'kati mwanumo amene akugulitsa zinsinsi.

Lolemba a tcheya anaitanitsa Mayi Mapegi ku ofesi.

"Khalani pansi, mayi."

"Ndanyowa, bwana. Ndikuwonongerani mpando."

"A Mneneri aja ndi amuna anu?"

"Aneneri ati? Amuna anga salota. Amangoliza mkonono."

A tcheya sanaseke. Anati chikwama cha malaya chimagona kunyumba kwa mayiwo, atsikana amawakonda, amawauza zambiri, ndiye chala chikuloza iwo. "Pofika Loweruka mutiuze amene amawauza amuna anuwo. Apo ayi, chikwama chizipita kwa ochapa ndi makina m'tauni."

"Makina?" Mayi Mapegi anagwira m'chiuno. "Makinawo adzasoka m'khwapa mwa nambala 9?"

"Loweruka, mayi."

Anatuluka mapegi akuchita gobedegobede m'thumba. Si ntchito yokha imene inawawawa. Zaka zonsezi sanasowetsepo ngakhale sokosi imodzi, lero akutchedwa akazitape.

Kunyumba anapeza a Mneneri akupukuta nsapato.

"Bambo, amakuuzani ndani?"

"Ndi mphatso, mayi."

"Mphatso yobwera Lachisanu lokhalokha?"

"Mzimu suuzidwa tsiku."

"Zaka zonsezi tikugona bedi limodzi, simunalotepo ngakhale mvula. Lero mwayamba kulota mawondo a ana a eni?"

Bambo anangoti nsanje ndi matenda, n'kupitiriza kupukuta.

Mayi anasecha m'matumba mwa jekete, anapezamo chipeso chopanda ntchito. Foni ya bambo inali kachikale komwe kaja, kopanda mayunitsi. Lachiwiri anawatsatira mpaka kumsika, sanakumane ndi wosewera aliyense. Lachitatu, akutsuka beseni, m'pamene anakumbuka kanthu. Lachisanu lililonse bambo ankachotsa mpando pakhonde n'kukauika kuseri, pafupi ndi mpopi, ati kukhonde kuli mphepo. Ndipo Lachisanu lina kutagwa mvula, iwo atayanika m'chipinda, bambo anawabweretsera tiyi kawiri. Tiyi! Munthu wosadziwa pamene masupuni amakhala!

Mayi anayang'ana chingwe chawo, n'kukhala pansi pa beseni lovundikira.

Lachinayi madzulo a kochi anabweretsa chikwama okha, maso ali pansi ndi manyazi. Anali mnyamata wamtali ngati mzati wamagetsi, amene Mayi Mapegi anamudziwa akadali wotola mipira.

"Amayi, ine sindikukhulupirira kuti ndinu."

"Usalankhule zambiri, mwanawe. Mawa m'mawa ubwere, ulowere khomo lakuseri. Nyundo wachira?"

A kochi anazengereza.

"Usandiuze. Ndinunkhiza ndekha."

Lachisanu m'mawa anatuma bambo kukagula sopo kugolosale yakutali, ati yapafupiyi amagulitsa wosachita thovu. A kochi analowa n'kukhala pa kampando m'khitchini, kuseri kwa katani, mawondo ali m'chibwano. Mayi ananunkhiza malaya. Malaya a nambala 9 anali a chinyezi ndi thukuta, m'khwapa mutayambanso kumasuka. Anawachapa n'kuwayanika m'khitchini momwemo, pamwamba pa mutu wa a kochi.

"Amayi, akundidonthezera."

"Pirira. Inenso andidonthezera sabata yonse."

Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo. Anatenga malaya oyera bwinobwino a nambala 11, onunkhira pafyumu, n'kuwaviika m'madzi a sopo mtima ukuwawa. Anawayanika panja pamalo pa Nyundo. Pambali pa nambala 3 anakolekapo bandeji yaitali ngati njoka.

Bambo anabwera ndi sopo. Anati kukhonde kuli mphepo, n'kunyamula mpando kupita nawo pampopi. A kochi akusuzumira pakatani anaona zonse. Mkulu uja anakhala ngati akuwothera dzuwa, koma milomo ikuyenda, chala chikugunda pabondo. Anawerenga kuchokera kumanzere, n'kubwerezanso kuchokera kumanja. Ataona bandeji anapukusa mutu mwachisoni, koma maso akuwala. Posakhalitsa anali atavala jekete.

"Bambo," anatero mayi ali ndi pegi m'manja, "lero musalote."

"Maloto saletsedwa, mayi."

"Ndakuuzanitu."

Theka la ola lisanathe, foni ya a kochi inalira. Anali mlamu wawo weniweni. "Alamu, akuti Nyundo phewa labwereranso? Ndi nambala 3 yemwe? Ndiuzeni msanga, ndisataye ndalama zanga!"

A kochi anaseka mpaka kugunda mutu kushelefu ya mapoto. Mayi Mapegi sanaseke.

"Ndiye kazitape ndine ndithu," anatero. "Ine ndi chingwe changa. Ukawauze a tcheya ako zimene waona, usawonjezere mchere."

Loweruka linali tsiku lalikulu. Amisomali ankakumana ndi timu ya kubanki, ndipo wopambana ankalowa m'gulu la matimu anayi omaliza. Mayi Mapegi anavula epuloni n'kupita kukaonera, koyamba chiyambire ntchito. Anakhala kutsogolo, kachikwama pamiyendo. Malamulo sankawadziwa. Anthu akakuwa iwo ankayang'ana malaya. Nambala 3 atadziponya pansi anati, "Taonani, simenti yonse wandisesera." Nyundo atalumpha n'kukhoma mpira mpaka kugwetsa botolo la madzi la a kubanki, anthu onse anaimirira, koma mayi anangogwira kumutu.

"Wang'ambanso mwana ameneyu!"

Amisomali anapambana maseti atatu kwa imodzi.

A Mneneri nthawi imeneyo anali kubabashopu, pampando wawo wa pafupi ndi fani, nsalu ili m'khosi. Dera lonse linali litabetcha kwa a kubanki chifukwa cha maloto awo, wometayo ndiye anaika zambiri. Makina ometera anali atadutsa mbali imodzi ya mutu pamene wailesi inatchula Nyundo kuti wayamba masewero. Wometa anazimitsa makina. Pofika seti yachitatu anawavula nsalu ija mwaulemu, n'kuwauza kuti mbali inayo akamalize kumaloto.

Mayi anawapeza bambo kuchipinda, atavala chipewa chaubweya dzuwa likuswa mtengo.

"Vulani tione."

"Mayi, munandipusitsa dala."

"Ndinakuuzani kuti musalote. Vulani."

Atavula, mayi anaseka mpaka kukhala pabedi. Kenako anatenga sizasi yawo yodulira ulusi n'kumaliza ntchitoyo okha, mutu wa bambo uli pakati pa mawondo awo ngati wa mwana.

"Mukanangondiuza kuti pakhomo pano mukutopa ndi kukhala," anatero akudula. "Ntchito ilipo yambiri. Munatsala pang'ono kundipereka kwa makina."

 Makutu a bambo anafiira.

Lolemba a tcheya anayesa kupepesa mozungulira, za kalata, za akuluakulu a ligi, za udindo. Mayi anawadula.

"Bwana, nthawi ikupita, ndasiya zovala m'madzi. Kuyambira lero ndizichapa malaya onse khumi ndi anayi, akuda ndi oyera omwe. Mabandeji aziuma m'nyumba. Sopo muwonjezere."

"Kuchapa oyera? Si kuwononga kumeneko?"

"N'kuwononga kumene. Ine zikundiwawa kuposa inu."

Sopo anawonjezeradi. Amisomali anathera pa nambala yachitatu chaka chimenecho, ndipo obetcha a dera lija anabwerera kumangolota okha, aliyense maloto ake, n'kumadyedwa mwamtendere ngati anthu ena onse.

Malaya khumi ndi anayi ndi ambiri kwa msana wa munthu mmodzi, ndiye woyanika anapezeka. Mukadutsa Lachisanu m'mawa mudzawaona kuseri kwa nyumba, mkulu wa mutu wosalala, atavala epuloni yakale ya akazi awo, akuyanika mwadongosolo kuyambira nambala 1. Amayanika bwino, mlonda salumpha nambala. Anyamata odutsa pamsewu amakuwa, "A Mneneri! Mwalota chiyani lero?"

Bambo amatembenuka, nkhope ikuonetsa kuti yankho ali nalo. Koma mayi anawaphunzitsa kuti woyanika weniweni amasunga mapegi atatu pakamwa.