Ulendo wa ku Kalirosi

Bambo a Tadala, lero kuno kudziko la eni, m'basi ya ku Maryhill, mayi wina watchula Culross, ine n'kutsika ndisanafike. Mukukumbuka chilimwe chija tinkakonza ulendo wokaona tinyumba takale ta m'katauni kameneko? Inu munkati "Kalirosi". Neba wathu wa konkuno anaseka, akuti ndi "Kurosi", chilembo cha l satchula. Inu osagonja: "Nanga anachilemberanji? Ine ndichitchula basi!" Mashifiti a kuntchito anatipanikiza, tinati tidzapita chaka chino.

Chaka chino chakwana, dzuwa lawala, inu muli m'manda ku Ntcheu. Nsapato zanu zikadali pakhomo. Ndipite ndi ndani ine? Aliyense kuno amalitchula bwino dzinali, palibe wolakwitsa. Mwamuna wanga, bwerani mudzalakwitsenso, kamodzi kokha, chonde.